Khoma ndi Louma

"Mukufuna mundiuze kuti inu, munthu amene imvi zakupezani muli pamakwerero ndi bulashi m'manja, simunaone kanthu?"

"Tsitsaniko mawu, mayi. Khoma ili n'lopyapyala, aneba akumva."

"Amve! Mwina iwo ali ndi maso."

Atelala anamasula kansalu kamene anabwera nako n'kukayala patebulo. M'katimo munali dothi louma, lotuwa, losalala ngati ufa. Amuna awo, amene ntchito yopenta nyumba inawapatsa dzina loti Abulashi mpaka dzina lenileni linaiwalika, anangoliyang'ana dothilo osalikhudza.

"Ndinakatenga kiyi kwa ejenti wanu uja kuti ndikayeze mawindo a nyumba tikugula ija, ndiyambe kuganiza za makatani," anatero Atelala. "Dothi ili ndalikokolola pawindo la kuchipinda. M'kati mwa nyumba, bambo, osati kunja. Ndatsegula kabati ya kukhitchini, pashelefu pali lomweli. Ndagwada pansi, penti wanu wokongola uja watuluka matuza ngati munthu wopsa ndi madzi otentha. Ndiye ndinakafunsa mayi wogulitsa makala kuseri kwa mpanda kuja. Mukudziwa chimene anachita? Anandiseka. Anaika dzanja m'chiuno n'kunena kuti, 'Mvula ikalimba madzi amafika apa. Inuyo ndinu achingati kodi?'"

Abulashi anakhala pansi. Tsiku limene anakaona nyumbayo analikumbukira bwino. Makoma anali ndi penti wa mafuta wobiriwira kuyambira pansi mpaka m'chiuno, pamwamba pake woyera, ndipo mzere wolekanitsa mitundu iwiriyo unali wowongoka ngati wodulidwa ndi lumo. Iwo anayendetsa chala pamzerewo n'kuuza akazi awo kuti amene anapenta apa ndi mmisiri weniweni. Kunja sanakazungulire n'komwe. Munthu wina aliyense akanafunsa za denga, za ngalande, za kumene madzi amalowera. Iwo anayang'ana dzanja la mmisiri mnzawo, n'kukhutira.

"Ndinakuuzani kuti tiyambe tafunsa anthu," Atelala anapitiriza. "Munati chiyani? Munati khoma mumalidziwa ngati mmene ine ndimadziwira nsalu. Chikomekome cha mkuyu, bambo, m'kati muli nyerere. Lero chikole chathu chili m'thumba mwa munthu, ndipo theka la chikolecho ndi makina anga."

Apa m'pamene panali pa chilonda. Kuti ndalama ya chikole ikwane, Atelala anagulitsa makina awo osokera kwa telala mnzawo wa kumsika. Ndipo m'nyumbamo aliyense ankadziwa kuti mvula ikangoyamba palibe amene amapentetsa nyumba. Miyezi yonse ya dzinja bulashi imagona m'chitini, banja lonse limadya za makina aja. Tsopano mitambo inali itayamba kale kusonkhana madzulo.

"Mawa ndipita," anatero Abulashi. "Akandibwezera. Nayenso ndi munthu."

"Pitani mukaone umunthu wakewo."

Ejenti uja anthu ankamutcha Amakiyi chifukwa cha mtolo wa makiyi umene unkalendewera palamba wake, moti ankamveka asanaoneke. Ofesi yake inali kachipinda kopapatiza pamwamba pa sitolo ya zitsulo. Munali tebulo, mipando iwiri ya pulasitiki, ndi zithunzi za nyumba zomata pakhoma, zonse zojambulidwa dzuwa likuswa mtengo. Anawalandira Abulashi ndi manja awiri, n'kuwamvetsera mpaka kumapeto akugwedeza mutu ngati munthu amene ali pamaliro.

"Madzi?" anatero. "Koma achimwene, madzi ndi a Mulungu. Ine ndimagulitsa nyumba, sindigulitsa nyengo."

"Munkadziwa."

"Munandifunsa? Ine ndinakutsegulirani chitseko, inu munalowa ndi maso anu awiri. Ndipo ndikukumbuka kuti munayamikira penti. Ndinati m'mtima, lero ndapeza kasitomala wodziwa zinthu." Anaseka pang'ono. "Nyumba ikadali yanu. Malizani ndalama yotsalayo, kiyi nayu."

"Ndigule dziwe? Ndili ndi ana ine."

"Ndiye kuti mwabwerera m'mbuyo nokha. Ndipo munamva ndi makutu anu, musanasaine, kuti wobwerera m'mbuyo chikole chimatsala. Si lamulo langa, ndi mmene ntchito yathu imayendera kulikonse. Chikole n'chomangira mawu. Ine ndinabweza anthu ena chifukwa cha inu."

"Ndionetseni eni ake a nyumbayo ndilankhule nawo."

"Ali kutali. Zonse anasiyira ine."

Apa m'pamene Abulashi anazindikira chifukwa chake kiyi anaperekedwa kwa akazi awo mosavuta chonchija. Munthuyu sankafuna kuti nyumbayo igulidwe. Ankafuna kuti wogula aone matope atapereka kale chikole, athawe yekha, kenako abwere wina. Nyumba ija inali ng'ombe yake ya mkaka, ndipo ng'ombe ya mkaka sagulitsa.

"Ndikakusumirani," anatero.

"Pitani. Mlandu wake udzatha ana anu atakwatira." Amakiyi anatsamira kumpando, makiyi aja n'kulira. Kenako anatsitsa mawu. "Koma ine sindikonda kuona munthu wamkulu akuvutika. Tithandizane. Khoma lija layambanso kulavula, ndipo pali anthu amene akufuna kudzaona nyumbayo. Inu ndinu mmisiri. Kalikonzeni lioneke bwino. Akangopereka chikole chawo, chanu ndikubwezerani tsiku lomwelo."

"Mukuti ndikatchere msampha umene wandikola ine?"

"Ndati mukapente. Kodi kupenta ndi tchimo? Si ntchito yanu ya masiku onse? Pakamwa musatsegule, kulankhula ndi kwanga."

Abulashi anatuluka osatsazika. Atafika kunyumba anafotokoza zonse ali chiimire, akuyembekeza kuti akazi awo atukwana nawo limodzi. Koma Atelala, amene anali kupinda siketi ya kasitomala ndi singano yapamanja, anapitiriza kusoka. Kenako anadula ulusi ndi mano.

"Ndiye mwamuyankha chiyani?"

"Ndimuyankhe chiyani? Ine si wakuba."

"Ayi, inu si wakuba. Inu ndi woberedwa. Ndiye woberedwa amadya chiyani m'dzinja?"

"Mayi, mukudzimva zimene mukunenazo? Dzulo lomweli mumalira pano. Mukufuna mayi wina akalirenso chimodzimodzi?"

"Mukakana inu, akapeza wina wokapenta. Mayi winayo alira basi, ife tiliranso. Kusiyana kwake n'kotani? Taonani zala zangazi." Anawaonetsa nsonga za zala, zonse zili timabowo ta singano. "Kasitomala wa diresi la ukwati uja wabwera kudzatenga nsalu yake lero. Akuti sangadikire munthu wosoka pamanja. Mnzanga wa kumsika uja akuti makina akandisungira pang'ono, koma pali wina amene akuwafuna. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, bambo."

"Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe."

"Ife chationa kale. Mwambi umenewo mukauze anawa akamalira njala."

Anakangana tsiku limenelo, n'kukangananso masiku otsatira, mpaka mawu anawathera. M'nyumba munangotsala kulira kwa mbale ndi mapazi. Abulashi anayenda m'makwalala kufunsa ntchito, koma aliyense ankayang'ana kumwamba n'kunena kuti tidikire mvula ithe. Ankadana ndi Amakiyi, ankakwiyira akazi awo, koma amene ankamuda kwambiri anali iwo eni, chifukwa anayamba kumva mtima wawo ukufunafuna chifukwa chovomerera. Ndipo chifukwa chikafunidwa sichisowa. Anadziuza kuti iwo akangopenta, sakanena bodza kwa munthu aliyense. M'mawa wina anatsuka mabulashi awo n'kunyamula makwerero. Atelala anawaona akutuluka, koma sanafunse kumene akupita.

Nyumba ija inali kumapeto kwa msewu wotsetsereka, pamalo pamene misewu iwiri inkatsikira. Tsopano ankaona zonse: kuti khomo linalibe sitepe ngakhale imodzi, kuti mpanda unali ndi mzere wakuda, kuti udzu wa pabwalo unagonera mbali imodzi. Mayi wa makala uja anawayang'ana akutsitsa zitini, n'kupukusa mutu.

"Nanunso mwabwera ndi bulashi?" anatero. Abulashi anachita ngati sanamve.

Atayamba kupala khoma ndi chitsulo, penti wobiriwira uja anasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Pansi pake panali wabuluu. Pansi pa wabuluu panali wofiirira, wopakidwa mokhotakhota ndi munthu amene mwachionekere anali asanagwirepo bulashi chibadwire, moti tsitsi la bulashi linatsalira momwemo. Pansi pa ameneyo panalinso wina. Abulashi anaima n'kuyang'ana zipalo zimene zinaunjikana pamapazi awo. Mtundu uliwonse unali banja limene linaima pamene iwo anaimapo, litauzidwa mawu omwe aja akuti tithandizane. Anachita mantha, ndipo anachita manyazi, koma chitsulo sanachiike pansi.

Choipa kwambiri n'chakuti ntchitoyo anaigwira bwino. Manja a mmisiri sadziwa kunama pa ntchito ngakhale ntchitoyo ikhale yabodza. Anapala mpaka kufika pa pulasitala, anatsuka nkhungu, anatseka ming'alu, anadikira kuti paume, n'kupaka penti woyamba wokanira chinyontho, amene ena onse aja sanamudziwe. Pamwamba anaika wa mafuta wotuwira. Mzere anaukweza pang'ono kuti chipsera cha madzi chibisike chonse, ndipo anaudula ndi dzanja lokha popanda chingwe. Atabwerera m'mbuyo kuti aone, mtima wawo unanyada usanakumbuke kuti suyenera kunyada.

Tsiku lomaliza akutsuka mabulashi pakhonde, anamva makiyi akulira kugeti. Amakiyi anali atabwera msanga, ndipo sanali yekha. Pambuyo pake pankabwera bambo wachikulire wa jekete lakale koma losita bwino, atagwira mkono wa mayi woyenda ndi ndodo. Mayiyo ankaponya phazi limodzi, n'kukoka linalo.

"Awa ndi aphunzitsi, angopuma kumene pantchito," anatero Amakiyi mokondwa. "Ndipo awa ndi amisiri athu. Ife nyumba sitipereka kwa munthu isanakonzedwe."

Aphunzitsi anapereka moni ndi ulemu wonse. Anawalowetsa akazi awo pang'onopang'ono, ndipo atafika pakhomo mayiyo anaima n'kumwetulira.

"Bambo, taonani. Palibe sitepe."

"Ndaona, mayi. N'chimene ndakukokerani kuno." Aphunzitsi anatembenukira kwa Abulashi. "Kumene tikukhala n'pamwamba pa nyumba yosanja, amisiri. Mayiwa chidwalireni miyendo, dzuwa amaliona pawindo. Ndinawalonjeza kuti ndalama yanga yopumira ikatuluka ndidzawapezera nyumba yoti azituluka okha kukakhala panja."

Foni ya Amakiyi inalira, ndipo anapita nayo kugeti. Aphunzitsi anasuzumira kuti aone ngati wapitadi, kenako anasendera pafupi ndi Abulashi n'kulankhula motsitsa, ngati munthu amene wapeza mbale wake pakati pa alendo.

"Amisiri, wogulitsa sanena kuti malonda anga ndi oola. Koma inu mulibe mbali, ndipo khoma ili mwalipala ndi manja anu. Ine ndimadziwa choko basi. Malo ano akuoneka otsika. Tandiuzani zoona ngati mwana wanga: kodi muno simulowa chinyontho?"

Mawu anali pafupi pakamwa pa Abulashi, ochepa chabe: thawani, bambo. Anaona mayi uja atakhala pachitini cha penti pakhonde, atatseka maso, nkhope ataitchera kudzuwa. Anaonanso zala za akazi awo. Anayang'ana pansi, pa bulashi imene inali m'manja mwawo, n'kuyamba kuifinya ngakhale inali yofinya kale.

"Khoma ndi louma, bambo," anatero. "Gwirani nokha muone."

Aphunzitsi anagwira khomalo ndi chikhatho, n'kupuma mpweya wautali.

"Mulungu akudalitseni. Mawu a mmisiri ndi amene ndimadikira."

Amakiyi anasunga lonjezo lake, koma monga mmene amasungira anthu a mtundu wake. Ndalama inabwera yoperewera. Anati wachotsapo ya penti ndi ya kuvutika kwake. Abulashi sanatsutse, analibenso nkhope yotsutsira. Yotsalayo inakwana kuwombola makina, ndipo Atelala anawabweretsa pa wilibala, anawapukuta, anawathira mafuta, n'kuwaika pamalo pake pafupi ndi windo.

"Mwaona?" anatero. "Tapulumuka."

"Eya, tapulumuka."

"Ndiye nkhope imeneyo ndi ya chiyani? Simunaphe munthu. Munangopenta."

Abulashi sanawauze za funso la aphunzitsi. Makina aja anayamba kulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ana anayambanso kupita kusukulu atadya, makasitomala anabwerera. Koma phokoso limene kale linkawatsitsimula mtima tsopano linkawalasa m'mutu. Mvula yoyamba itagwa anaima pawindo n'kumayang'ana madzi akuthamanga mumsewu, onse akulowera kumunsi. Inagwa usana wonse osapuma.

Patapita masiku angapo, kunja kukuchita kamvula kowaza, munthu anagogoda. Abulashi atatsegula anapeza aphunzitsi ataima pakhomo. Jekete linali lomwe lija, koma thalauza linali ndi matope mpaka m'maondo. M'dzanja limodzi ananyamula chitini cha penti, m'dzanja lina bulashi yatsopano, ikadali m'pepala lake la kusitolo.

"Odi, amisiri. Ndasochera kawiri, koma ndafika."

M'nyumba makina aja anasiya kulira.

"Musaope, sindinabwere ndi mlandu," anatero aphunzitsi. "Mlandu umafuna mphamvu, ine ndilibe. Mvula ija itagwa ndinapita kukaona nyumba yathu. Ndinaima kumtunda kwa msewu, chifukwa kugeti sikunkafikika. Ndinaona chitini chimene mayi anakhalira tsiku lija chikuyandama pabwalo."

"Bambo, ine…"

"Dikirani ndimalize, ndisanaiwale zimene ndaloweza m'njira. Ndinapita kwa ejenti. Zimene anandiuza mukuzidziwa, sindikuphunzitsani. Akuti madzi aphwera, ndipo ndikakonza khoma pali banja lina limene likufuna kudzaona. Mnyamata ndi mkazi wake, ali ndi mwana wakhanda. Akapereka chikole chawo, changa chibwera." Anakweza bulashi ija pang'ono. "Ndagula izi, koma manja angawa akunjenjemera. Ndiye wandilozera kuno. Akuti pa onse amene anapentapo nyumba ija, palibe wodziwa kuumitsa khoma ngati inu."

Atelala anali atabwera kudzaima kumbuyo kwa amuna awo, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Mayi akudziwa?" anafunsa motsitsa.

"Sindinawauze. M'mawa uliwonse amandifunsa kuti tisamuka liti. Amanga kale ziwiya m'makatoni." Aphunzitsi anapukuta madzi a mvula pamphumi. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuuza ana a eni kuti bodza lilibe mwendo. Ndakana masiku atatu. Koma ndalama ija ndi thukuta langa lonse, sindidzalandiranso ina. Mankhwala a mayi amachokera momwemo."

Abulashi akanakonda mkuluyo akanawatukwana, kapena kuwamenya ndi chitinicho. Zimenezo akanazilandira. Koma aphunzitsi anaika chitini pansi mosamala, pakati pa mapazi awo ndi a Abulashi.

"Mtengo wa ntchito mundiuza, ndidzalipira chikole chikabwera. Koma pali china chimene ndikufuna mundiphunzitse, poti inu munadutsamo. Ejenti akuti tsikulo ndidzakhalepo, anthu amakhulupirira munthu wa imvi. Ndiye ndikudziwa kuti mnyamatayo adzandikokera pambali n'kundifunsa." Anawayang'ana Abulashi m'maso, mopanda ukali. "Tsiku lija inu munayang'ana pa bulashi. Ndinaona, koma ndinkayesa ndi ulemu. Nanga ine, amisiri, akadzandifunsa ndidzayang'ane pati?"

Atelala anabwerera m'nyumba mwakachetechete n'kukakhala pa makina awo, koma phazi sanaliike pachopondera. Kamvula kaja kanayamba kulimba, madontho n'kumalira pachivindikiro cha chitini, ndipo aphunzitsi anaimabe pomwepo, atatambasula dzanja, akuwapatsa Abulashi bulashi ija.